Kuchokera ku New Orleans kukafika ku Lafayette pagalimoto: ndi msewu uti umene ungandionetse mathiriro a Mississippi ndi moyo wa anthu a Cajun?

Mphunzitsi wa ku Ulónguè

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mphunzitsi wa jogalafe pasukulu ina ya sekondale kuno ku Angónia. Mwana wanga wamkazi akumaliza maphunziro ake pa yunivesite ya ku Lafayette, m'chigawo cha Louisiana ku America, ndipo mwambo wolandira digiri udzachitika m'mwezi wa Meyi. Ine ndi mayi ake tikukonzekera kukakhala nawo pamwambowo. Ndege idzatitula ku New Orleans, ndipo mwanayo akuti adzatichingamira ndi galimoto yobwereka kuti tidzadzere msewu waukulu wa I-10, umene munthu amafikira ku Lafayette m'maola awiri ndi pang'ono.

Mtima wanga sukuvomereza changu chimenechi. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula pabolodi mathiriro a mitsinje iwiri, a Zambezi wathu ndi a Mississippi, ndikufotokozera ana mmene mtsinje umagawikira nthambi ukayandikira nyanja, ndiponso mmene umaunjikira dothi mpaka kupanga mtunda watsopano. A Zambezi ndinawaona ndi maso anga ku Marromeu, koma a Mississippi ndimangowadziwira pamapu, ndipo kungakhale kutaya mwayi waukulu kufika pakhomo penipeni pa malowo n'kungodutsa osaona kanthu.

Pamapu ndikuona kuti kummwera kuli msewu wina, wa US 90, umene umazungulira kudzera ku Morgan City ndi New Iberia. Kodi alipo amene anauyenda, ndipo kodi ndi woyenera kuutayira tsiku? Ndikufunanso kudziwa bwino za anthu otchedwa a Cajun amene mwana wanga amawatchula kawirikawiri, chifukwa akuti agogo ena kumeneko amayankhula Chifalansa pomwe dziko lonse limayankhula Chingelezi. Chotsiriza ndi chakuti ine ndimayendetsa galimoto, ndipo ndikanakonda kumulandira mwanayo chiwongolero panjira, koma ndamva kuti kumeneko amayenda kudzanja lamanja la msewu.

Injiniya wa ku Moatize

Zikomo aPhunzitsi, ndipo tikusangalala nanu pamodzi, pakuti si ntchito yaing'ono kulera mwana kuchokera ku Ulónguè mpaka kukalandira digiri kutsidya kwa nyanja. Ine ndinakhalako ku Louisiana pa maphunziro a ntchito za gasi, ndipo misewu yonse iwiri mwaitchulayi ndinaiyenda. Langizo langa ndi lakuti popita mudzere US 90, ndipo I-10 mudzaisungire pobwerera, chifukwa nayonso ili ndi chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchiphonya.

Bwalo la ndege lili ku Kenner, kumadzulo kwa New Orleans, kotero simufunika kulowa m'kati mwa mzinda. Mukatuluka pabwalo mutenge msewu wa I-310, umene umaoloka Mississippi pa mlatho wa ku Luling n'kukakutulani pa US 90 pa Boutte. Pamlathopo muyang'ane pansi bwinobwino, chifukwa ndi pamalo ochepa pamene mtsinjewo umaonekera wonse. Kwina konse wabisika kuseri kwa makoma adothi amene anaumangira mbali zonse ziwiri, ndipo munthu amatha kuyenda m'mbali mwake makilomita ambiri osaona madzi, n'kumangoona kumtunda kwa sitima yapamadzi kukudutsa pamwamba pa madenga a nyumba.

Mukadutsa Des Allemands n'kufika ku Raceland, mupatuke pang'ono kutsata Bayou Lafourche mpaka ku Thibodaux. Mitsinje yaing'ono yoyenda pang'onopang'ono iyi, imene iwo amaitcha bayou, ndiyo msana wa dziko lonselo, ndipo apa ndi pamene inu aPhunzitsi mudzaone chinthu chimene munthu wa kumapiri savomereza msanga. Kwathu mtsinje umakhala pansi pa chigwa ndipo nyumba timamanga kutali nawo, kumtunda. Kumeneko malo okwera ndi a m'mphepete mwenimweni mwa madzi, chifukwa ndi pamene madzi osefukira ankatula dothi lambiri, ndipo mukamachoka pamtsinje nthaka imanka nitsika mpaka kukathera m'dambo. N'chifukwa chake nyumba, tchalitchi, manda ndi msewu zonse zandandalika m'mbali mwa bayou, pomwe minda ya nzimbe ili kuseri kwake, yopapatiza koma yaitali, kuti mwini munda aliyense akhale ndi kagombe kake. M'manda ambiri maliro saikidwa pansi koma m'timanyumba tanjerwa ndi simenti pamwamba pa nthaka, pakuti kukumba pang'ono chabe munthu wapeza madzi.

Ku Morgan City mudzaoloka mtsinje wa Atchafalaya. Muime, mukwere pakhoma lalitali la simenti limene limateteza tawuniyo, ndipo muone zitseko zake zachitsulo zimene amatseka madzi akakwera. Pagombe pali mabwato opha kamarau pamodzi ndi sitima zoperekera katundu kumalo okumbira mafuta m'nyanja, ndipo ntchito ziwirizi ndizo zimadyetsa mabanja ambiri a kumeneko. Mukangopitirira Berwick ndi Patterson, musiye US 90 n'kulowa mu LA 182, msewu wakale umene umatsata Bayou Teche. Kwa ine chigawo chimenechi ndicho chokongola kwambiri paulendo wonse. Mitengo ikuluikulu ya oak yatambasula nthambi zake pamwamba pa msewu, ndipo kunthambiko kukulendewera zomera zotuwa zazitali zimene amazitcha Spanish moss. Mudzadutsa Franklin, kenako mukhoza kupatuka kupita ku Charenton, kumene kumakhala anthu a mtundu wa Chitimacha, eni dziko amene analipo azungu asanafike, otchuka ndi madengu awo oluka ndi nsungwi za m'mbali mwa mtsinje. Pambuyo pake pali Jeanerette ndi mafakitale a shuga, kenako New Iberia, kumene ndingakulangizeni kugona.

M'mawa mwake mupite ku Avery Island, kummwera kwa New Iberia. Ndi kaphiri kamene kamaoneka kachilendo m'dziko lathyathyathya chotero, ndipo pansi pake ponse pali mwala wa mchere. Ndi pamenepo pamene banja la McIlhenny lakhala likupanga tsabola wamadzi wa Tabasco kuyambira 1868, ndipo alendo amaloledwa kuona mmene amasungira tsabola wosinja m'migolo yamatabwa kwa zaka mpaka zitatu asanamusakanize ndi viniga. Pali munda waukulu wa mitengo ndi malo amene akakowa amaswanirana mwaunyinji. Kuchoka apo mutenge LA 31 kupita ku St. Martinville, mupatuke pa Lake Martin kuti mukwere bwato pakati pa mitengo ya cypress imene imamera m'madzi, kenako Breaux Bridge, ndipo Lafayette ali pafupi pomwepo. Kudzera US 90 osapatuka ndi makilomita pafupifupi 250, koma ndi zokhota ndatchulazi mudzapitirira 300.

Pobwerera pa I-10 mudzadutsa pa mlatho wa makilomita 29 umene unatsegulidwa mu 1973, woyenda pamwamba pa dambo la Atchafalaya, dambo la mtsinje lalikulu kuposa onse m'dzikolo. Muthire mafuta musanakwerepo, ndipo mupatuke pa Butte La Rose, pamene pali nyumba yolandirira alendo yofotokoza za damboli. Pa tsiku lokwera ndege musadzaudalire kwambiri mlathowu, chifukwa pakachitika ngozi magalimoto amaima nthawi yaitali popanda kothawira.

Mayi wa ku Matundo, Tete

APhunzitsi, njira imene achimwene a ku Moatize akupatsani ndi yabwino, ndipo sindichotsapo kanthu. Koma popeza inu mukupita ndi maso a mphunzitsi wa jogalafe, ndikufuna musanyamuke ndi chiyembekezo cholakwika. Ntchito yanga ndi ya za madzi a mitsinje, ndipo nkhani ya Mississippi timaiphunzira kwambiri chifukwa cha zimene imatiuza za Zambezi.

Mathiriro amene mumajambula pabolodi, aja otambasuka ngati phazi la nkhuku, simungawafike pagalimoto. Msewu wa LA 23 wotsata mtsinje kummwera kwa New Orleans umakathera ku Venice, ndipo kupitirira apo n'kwa bwato kokha. Koma musadandaule, chifukwa dziko lonse limene mudzayendemo, kuyambira pa Boutte mpaka ku New Iberia, ndi mathiriro akale. Mississippi wakhala akusintha njira yake yopita kunyanja kangapo m'zaka zikwi zapitazi: akaunjika dothi mbali imodzi mpaka njira kutalika, amaboola gombe n'kupeza njira yachidule kwina. Bayou Teche inali njira yake yaikulu zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo Bayou Lafourche inali nthambi yake yamoyo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene anaitseka pa Donaldsonville. Mukamayenda pa LA 182 mudzakhala mukuyenda pagombe la Mississippi wakale.

Lero mtsinjewo ukufuna kusinthanso njira, kuti udzere mu Atchafalaya, popeza njira imeneyo yopita kunyanja ndi yaifupi, yosafika ndi theka lomwe la njira yodzera ku New Orleans, ndiponso ndi yotsetsereka kwambiri. Utati uchite zimenezo, madoko a Baton Rouge ndi New Orleans angatsale ndi madzi ochepa osakanikirana ndi amchere, ndipo Morgan City angakhale pangozi yaikulu. Pofuna kuletsa zimenezi, akatswiri a zomangamanga a gulu lankhondo la America anamanga zipata zotchedwa Old River Control, zimene zinatha mu 1963, ndipo zimagawa madzi kuti magawo 70 pa 100 alionse apite ku New Orleans ndipo 30 alowe mu Atchafalaya. Madzi osefukira a mu 1973 anatsala pang'ono kuzigwetsa, moti anachita kumanga zina zothandizira zimene zinatha mu 1986. Khoma la ku Morgan City limene achimwene akuti mukwerepo lili mbali ya nkhani yomweyi.

Makoma adothi anakwezedwa ndi kulimbitsidwa pambuyo pa chigumula chachikulu cha mu 1927, ndipo apulumutsa miyoyo ndi chuma, zimenezo palibe angakane. Koma dothi limene kale linkamwazika m'madambo chaka ndi chaka tsopano limathamangitsidwa pakati pa makoma mpaka kukagwera m'madzi akuya a nyanja, kumene silimanga kanthu. Pamwamba pa apo, madamu a kumtunda, makamaka a pa mtsinje wa Missouri, amagwira dothi lambiri lisanafike n'komwe, ndipo ngalande zimene makampani a mafuta ndi gasi anakumba m'madambo zinalowetsa madzi amchere amene amapha udzu ndi mitengo. Nthaka ya mathiriro mwachibadwa imatitimira, ndipo ikapanda kulandira dothi latsopano nyanja imalowa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, Louisiana wataya mtunda wokwana masikweya kilomita pafupifupi 5,000. Anthu a pa Isle de Jean Charles, kummwera kwa Houma, anachita kuwasamutsira kumtunda ndi ndalama zimene boma linapereka mu 2016, chifukwa chilumba chawo chinali chitatsala kachidutswa. Panjira mudzaona mitengo youma itaima m'madzi, yopanda tsamba n'limodzi lomwe, ndipo mudziwe kuti pamenepo panali nkhalango mchere usanafike.

Malo amodzi ndikupemphani kuti muimepo ngakhale alibe chokongola chooneka msanga. Pa Calumet, pakati pa Patterson ndi Franklin, msewu umaoloka ngalande yaikulu ya Wax Lake Outlet, imene inakumbidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 kuti ipatutse madzi a Atchafalaya asamize Morgan City. Amene anaikumba sankaganiza zopanga mtunda, koma popeza madzi ake amatula dothi m'nyanja yosaya, kumathero kwake kwamera zilumba zatsopano zimene zikukulabe mpaka lero, pomwe gombe lina lonse likudyeka. Mujambule madzi ofiirira amene akudutsa pansi pa mlathowo, chifukwa ndiwo umboni wa phunziro lanu lonse.

Ine ndikamaganiza za Louisiana mtima umakhala ku Marromeu ndi ku Chinde. Chimangireni damu la Kariba mu 1959 ndi la Cahora Bassa mu 1974, madzi osefukira a chaka ndi chaka amene ankanyowetsa madambo a kumunsi anachepa, dothi lambiri limatsalira m'nyanja ziwirizo, ndipo akuluakulu a ku Mutarara amakumbukira nthawi imene ankadzala m'madimba motsata madzi akamaphwa, podziwa mwezi umene adzabwerenso. Madzi atasiya kubwera pa nthawi yake anthu anasendera kufupi ndi mtsinje, ndipo zigumula za mu 1978 ndi 2001 zinawapeza pomwepo. Magetsi a ku Songo, kumene kuli damu la Cahora Bassa, ndi ofunika, ndipo sindikunena kuti damu lichoke. Ndikunena kuti ana amene mumawaphunzitsawo ndiwo adzagamule za katulutsidwe ka madzi ake, ndipo ndi bwino adziwe kuti dziko lolemera ngati America nalonso likulipira mtengo wa kutsekereza mtsinje.

Wophunzira wa ku Furancungo

Bambo, ndine wamng'ono pakati pa amene ayankhula, koma ndikuphunzira ku Baton Rouge ndipo anzanga ambiri ndi ana a mabanja a Cajun, choncho ndiloleni ndiyankhe funso lanu lachiwiri.

Makolo a anthu amenewa anali alimi ndi asodzi ochokera ku France amene anakhazikika ku Acadie, dera limene lero ndi Nova Scotia ndi madera oyandikana nalo ku Canada, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Dzikolo litagwa m'manja mwa Angelezi, iwo anakana kulumbira kuti adzamenyera nkhondo mfumu ya ku England, ndipo kuyambira mu 1755 asilikali anayamba kuwalonga m'sitima, kutentha midzi yawo ndi kuwamwaza m'mayiko osiyanasiyana. Anthu oposa 10,000 anachotsedwa, ndipo ambiri anafera panjira ndi matenda, njala ndi kumira kwa sitima. Gulu lina lotsogozedwa ndi Joseph Broussard linafika ku Louisiana mu 1765 n'kukakhala m'mbali mwa Bayou Teche, ndipo mu 1785 sitima zisanu ndi ziwiri zinabweretsa ena pafupifupi 1,600 kuchokera ku France. Pa nthawiyo Louisiana anali m'manja mwa Spain, ndipo America anadzamugula mu 1803 atabwerera m'manja mwa France. Mukafika ku St. Martinville mulowe m'nyumba ya chikumbutso chawo, mmene muli khoma la mayina a anthu othawawo. Mudzapeza kuti mayina omwewo, monga Broussard, Thibodeaux ndi Hebert, ndi amene alembedwa pa masitolo ndi pa magalaja a m'tawunimo.

Nkhani ya chiyankhulo ndi imene idzakukhudzeni monga mphunzitsi. Malamulo a Louisiana a mu 1921 anakhazikitsa Chingelezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu, ndipo ana amene ankamveka akuyankhula Chifalansa ankalangidwa, ena mpaka kuwagwaditsa pa njere za chimanga. Anawo atakula sanafune kuti ana awo adzaone manyazi omwewo, choncho anasiya kuwayankhulitsa Chifalansa kunyumba. Boma linadzatembenuka mu 1968 n'kukhazikitsa bungwe la CODOFIL loti litsitsimutse chiyankhulocho, ndipo lero kuli sukulu zophunzitsa m'Chifalansa, koma mbadwo wapakati unali utaduka kale. Agogo a mnzanga wina amayankhula Chifalansa ndi anzawo a kutchalitchi, mayi ake amangomva, ndipo iye amadziwa mawu a m'khitchini ndi a m'nyimbo basi.

Ndikupemphaninso kuti musabwerere ndi chithunzi chakuti dziko limenelo ndi la a Cajun okha. Kuli anthu akuda ndi osakanikirana otchedwa a Creole, amenenso makolo awo ankayankhula Chifalansa kapena Chikiliyo cha kumeneko, ndipo minda ya nzimbe mudzaioneyo inalimidwa ndi akapolo, ambiri mwa iwo ochokera ku Senegambia ndi ku Congo. Nyumba zikuluzikulu zoyera za m'mbali mwa mtsinje n'zokongola, koma zinamangidwa ndi thukuta lawo. Ngati muli ndi nthawi yoona nyumba imodzi yokha yotere, musankhe Whitney Plantation, kumadzulo kwa New Orleans ndiponso kufupi ndi njira yanu, imene inatsegulidwa mu 2014 kuti ifotokoze moyo wa akapolo osati wa eni munda. M'dera lomwelo ndi mmene akapolo anaukira mu Januwale 1811, motsogozedwa ndi Charles Deslondes, ndipo anagonjetsedwa mwankhanza kwambiri.

Nyimbo zake zilinso ziwiri. Za a Cajun zimaimbidwa ndi vayolini, akodiyoni ndi kachitsulo ka ngodya zitatu, pomwe za a Creole, zotchedwa zydeco, zimakhala ndi akodiyoni ndi chovala cha malata cha pachifuwa chimene woimba amachikanda ndi zitsulo. Loweruka m'mawa ku Breaux Bridge anthu amavina asanadye n'komwe chamasana, okalamba ndi ana pamodzi. Ku Lafayette mupite ku Vermilionville, mudzi wosungira mbiri umene uli ndi nyumba zakale zomata ndi dothi losakaniza ndi zomera zotuwa zija.

Pa zakudya mwasankha mwezi wabwino, chifukwa Meyi akadali nyengo ya crawfish, tinyama ta m'madzi opanda mchere ta mtundu wa kamarau, timene alimi amaweta m'minda ya mpunga akakolola n'kuidzazanso madzi. Amatiwiritsa mumphika waukulu ndi tsabola wambiri, chimanga chachiwisi ndi mbatatesi, n'kutikhuthulira patebulo loyalidwa mapepala, ndipo aliyense amadya ndi manja, kuthyola mchira n'kusenda. Gumbo ndi msuzi wolemera umene amayamba ndi kukazinga ufa wa tirigu m'mafuta mpaka ude, n'kuikamo nkhuku, soseji kapena za m'nyanja, nthawi zina ndi therere, ndipo amadyera mpunga. Boudin ndi soseji ya nkhumba ndi mpunga, ndipo yabwino imapezeka m'timasitolo ta pamalo othirira mafuta. M'malo odyera muzikumbukira kuwonjezera ndalama ya woperekera zakudya, imene kawirikawiri imakhala magawo 15 mpaka 20 pa 100 a mtengo wa chakudyacho.

Dalaivala wa ku Zóbuè

APhunzitsi, ine ku America sindinafikeko, koma ndimayendetsa lole kupita ku Lubumbashi, ndipo tikangodutsa chipata cha Kasumbalesa timasiya kumanzere n'kuyamba kuyenda kumanja, choncho vuto limeneli ndimalidziwa m'thupi. Pamsewu wowongoka wokhala ndi magalimoto ena palibe chovuta, chifukwa mumangotsata mnzanu wa kutsogolo. Ngozi ili pokhota pamphambano, potuluka pamalo othirira mafuta, ndiponso m'mawa ponyamuka pamsewu wopanda galimoto ina, pamene dzanja limabwerera lokha ku chizolowezi cha kwathu. Misewu yaing'ono yotsata mitsinje imene akuuzaniyo ndi yotero kumene, ndiponso akuti madzi ali pambali pomwepo.

Ndege yochokera kuno ndi ya maola ambiri, ndipo m'mwezi wa Meyi nthawi ya kumeneko imatsalira ndi maola 7 poyerekeza ndi yathu, kotero dzuwa likamapendeka kumeneko thupi lanu lidzakhala likuti ndi pakati pa usiku. Musiyeni mwana ayendetse tsiku lofika ndi lotsatira lake, inu mukhale pampando wa kutsogolo ndi mapu anu, popeza mwanena nokha kuti mukupita kukaona dziko. Ngati mudzafunebe kugwira chiwongolero, mwanayo afunsiretu kukampani yobwereketsa ngati imalandira karata yathu yoyendetsera galimoto ya m'Chipwitikizi kapena ifuna ya mayiko onse, ndipo dzina lanu lilembedwe pa pangano monga dalaivala wachiwiri, chifukwa popanda zimenezo inshuwalansi ikhoza kukana kulipira.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè

Ndathokoza kwambiri nonse. Ndakambirana ndi mayi a kunyumba ndi mwana, ndipo tagwirizana kuti tifike masiku angapo mwambo usanachitike, tigone ku Kenner usiku wofika, m'mawa tiyambire ku Whitney, tidzere Thibodaux ndi Morgan City n'kukagona ku New Iberia. Pa Calumet tidzaima monga mwanenera, Mayi. A ku Zóbuè, mawu anu ndawamva, ndipo chiwongolero ndimusiyira mwana.

Mwana wanga wa ku Furancungo, zimene wanena za sukulu za kumeneko zandikhudza, chifukwa ife amene tinayamba sukulu kalelo tinkafika pakhomo la kalasi n'kusiya Chichewa panja, ndipo mwana wosadziwa Chipwitikizi ankakhala chete chaka chonse ngakhale ali wanzeru. Kuno ku Tete ndi kumodzi mwa zigawo ziwiri kumene anayesera kuphunzitsa ana m'chiyankhulo chawo pakati pa 1993 ndi 1997, ife ndi Chinyanja ndipo a ku Gaza ndi Chichangana, komabe mpaka lero makolo ena ophunzira a m'tawuni sayankhula Chichewa ndi ana awo. Ndikufuna kukacheza ndi agogo mmodzi wa kumeneko ngati kungatheke, ndimve kuchokera pakamwa pake mmene zinayendera.

Ndatsala ndi nkhawa imodzi. Mayi a kunyumba amaopa madzi ndi ng'ona, pakuti anakulira kufupi ndi Revúbuè ndipo amadziwa zimene ng'ona imachita. Kodi bwato la pa Lake Martin ndi lotetezeka, ndipo kodi Meyi si nyengo ya namondwe kapena ya madzi osefukira?

Mayi wa ku Matundo, Tete

Nyengo ya anamondwe kumeneko imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo oopsa kwambiri amabwera cha mu Ogasiti ndi Seputembala, monga Katrina mu 2005 ndi Ida mu 2021, amene onse anagunda Louisiana pa 29 Ogasiti. M'mwezi wa Meyi mudzakumana ndi kutentha kwa chinyontho kumene munthu wa ku Angónia sanakuzolowere, udzudzu wa madzulo ndi mvula yamabingu yodutsa. Mitsinje ikuluikulu nthawi imeneyo imakhala yodzaza ndi madzi ochokera kumpoto, kumene chipale chofewa chimasungunuka ndi mvula kugwa, koma misewu mwasankhayi ili kuseri kwa makoma, ndipo kwa inu madzi okwera ndi mwayi chifukwa ndi pamene dothi limaoneka bwino mu Atchafalaya ndi pa Wax Lake.

Ng'ona za kumeneko, zotchedwa alligator, si zaukali ngati zathu za m'Zambezi, ndipo kawirikawiri zimathawa munthu, ngakhale kuti si zoseweretsa, si zopatsa chakudya, ndiponso m'miyezi yoswana yaikazi imateteza chisa chake. Lake Martin ndi nyanja yaing'ono yosaya ndi yabata, ndipo mabwato onyamula alendo amayendetsedwa ndi anthu odziwa malowo. Musankhe bwato lalikulu la injini osati kabwato kopalasa nokha, mupemphe zovala zoyandamitsa musanakwere, ndipo mupite m'mawa kusanatenthe, pamene mbalame zili pa zisa. Ngati mayi akana ndithu musawakakamize, chifukwa m'mbali mwa nyanjayo muli msewu ndi kanjira kamatabwa kolowa pakati pa mitengo, ndipo zambiri angazione ali pamtunda pamodzi ndi mwana wawo pamene inu muli pamadzi.